Mamba Pakhomo pa Eneless

Mwezi wa Okutobala ku Nyampande dzuwa likafika pamutu, nchito imatha yokha. Tsiku limenelo ngakhale nkhuku zinangobisala pansi pa nkhokwe, milomo ili yasa. Eneless ndi mwamuna wake Kalisto atabwelako kudimba anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Kalisto ananyowetsa chitenje n'kudzifunditsa pachifuwa.

"Atate ankati ku Beira kukatentha chonchi anthu amangogona pamchenga, mphepo ya kunyanja ikuwaomba," anatelo akuyasamula.

"Inu nyanja yanu ndi chitenje changacho," anayankha Eneless akuseka.

Khanda lawo, Natasha, linali m'tulo m'nyumba, chitseko chili chotsegula kuti muzilowa kamphepo. Posakhalitsa nawonso tulo tinawaba.

Chinamudzutsa Eneless ndi phokoso la mbalame mumtengo. Atatsegula maso anaona chinthu chotuwa, chachitali, chitatambalala m'mbali mwa chitenje chonyowa chija, mutu uli pafupi ndi khwapa la Kalisto. Inali mamba. Nthawi yomweyo Kalisto anayamba kusuntha mwendo.

"Atate ake Natasha," ananong'ona, "musatembenuke. Dzanja lisanyamuke. Pali njoka."

Kalisto anatsegula maso okha. Njoka ija inakwela pamimba pake mosafulumila, lilime likutuluka ndi kubwelela, mpaka mchila unatsikila mbali inayo. Eneless ankati athokoze Mulungu pomwe anaona kumene yaloza. Inadutsa pabwalo n'kulowa pakhomo potsegula paja.

"Mayo ine, mwana wanga!"

Anadzambatuka, koma Kalisto anamugwila mwendo. "Pakhomo ayi, amake mwana! Ikudikilani pomwepo. Pitani kuwindo!"

Eneless anathamangila kuseli, n'kutola khasu, n'kuswa thabwa la pawindo. Bedi linali pansi pa windolo, koma maso ochoka padzuwa sanaone kanthu m'katimo, mdima wokhawokha. Mwana sankalila. Analowetsa manja onse awili, akupapasa pabulangeti osadziwa chimene akhudze. Zala zinagunda kaphazi kofunda. Anakoka, ndipo Natasha anatulukila pawindo akulila mokuwa. Eneless anamuvula zonse, n'kumuyang'ana thupi lonse kufuna pamene palumidwa. Panalibe. Anangokhala pansi m'fumbi lotentha.

Anansi anabwela ndi ndodo ndi makasu. Anayatsa tayala lakale pakhomo kuti utsi uitulutse, kenako anatulutsa katundu yense, matumba a chimanga ndi bedi lomwe. Njoka sinaoneke. A Simon, mkulu wa nyumba yoyandikana nayo, anati mwina yatulukila kudenga, yalowa m'tchile.

"Mwaiona ikutuluka, bambo?" anafunsa Eneless.

A Simon anangoyang'ana udzu wa padenga.

Eneless anabeleka mwana n'kupita kwa mkulu wake ku Msanzala. Kalisto anam'tsatila kangapo kukam'nyengelela, koma Eneless anabwelela mvula itagwa, denga lonse Kalisto atalisasula n'kufolela udzu watsopano.