Chijekete cha M'khola

Azakhali anagwira ntchito yochapa kuchipatala zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ngakhale anapuma, manja awo sanamve kuti ntchito inatha. Ukamacheza nawo umachita kudziwa kuti maso awo ali pa kolala yako, osati pankhope. Choncho mlongo wawo wamng'ono atawapempha kuti akamusungire famu kwa masabata awiri, abale onse anangoti, "Wasankha bwino, koma adzapeza ndi nkhuku zomwe zitasitidwa."

Mlongoyo ndi mkazi wake ankapita kumzinda kukaona mdzukulu wawo woyamba. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi bamboyo anali asanagonepo kunja kwa famu yake, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi: ng'ombe yamkaka yomwe ankaitcha Dona. Inali ng'ombe yofiira, yamphumi yoyera, yoyenda monyang'wa ngati pansi pangaidetse. Nkhuku zinalipo, dimba linalipo, koma chodyetsa banja lija chinali Dona.

Tsiku lonyamuka, mlongoyo anawayendetsa Azakhali paliponse mothamanga. Anawaonetsa mpope womwe umafuna kuuthira madzi pang'ono kuti uyambe kukoka, chitseko cha nkhuku chomwe chimatsekeka ukachinyamula kaye, ndi thumba la chakudya cha ng'ombe. Atafika m'khola anapachula chijekete pamsomali.

"Mukamakama muzivala ichi, achemwali. M'mawa ndi madzulo."

Azakhali anachigwira ndi zala ziwiri, mphuno atakwinya. "Iwe, chimenechi ndi chovala kapena ndi chinthu chinafa?"

Mlongoyo anaseka, koma asanayankhe basi inaliza hutala kumsewu, mkazi wake n'kuyamba kukuwa kuti asiyidwa. Anathamanga chikwama chili pamutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Azakhali anangoti paja n'chotetezera zovala ku ndowe, basi.

Masiku anayi oyamba anayenda bwino zedi. Kukama anakuphunzira ali mtsikana, ndipo zala zinakumbukira zokha. Ankavala chijekete chija atapuma mpweya wambiri, n'kukhala pakampando, mutu atatsamiritsa pamimba ya Dona, mkaka n'kumatsika osavuta. Pofika eyiti koloko bambo wotolera mkaka anali atadutsa ndi njinga yake yamoto, nkhuku zitadya, dimba litathiriridwa. Kuyambira apo mpaka folo koloko, tsiku linali lawo.

Ndiye tsikulo analidyadi! Moyo wawo wonse Azakhali ankakwera basi popita kumaliro kapena kukaona wodwala. Zoti munthu n'kukwera basi popanda womwalira ankaziona ngati chibwana. Koma Lolemba anasamba, n'kuvala diresi yamaluwa, n'kukaima pamsewu. Kondakitala atawafunsa kotsikira anati, "Kumene kutandisangalatse." Anatsikira pa katauni ka msewu umodzi, komwe positi ofesi yakale anaisandutsa sitolo ya matilesi koma bokosi loponyamo makalata likadali pakhoma. Anapeza kanyumba ka tiyi, n'kukhala patebulo lapawindo maola awiri athunthu, akuonerera wometa wina akukangana ndi kasitomala wadazi. Palibe anawaitana, palibe anawafunsa kuti nsalu zauma kodi. Anabwerera akung'ung'udza nyimbo.

Tauni yachiwiri inali kutsidya kwa mtsinje, ndipo imeneyo anapitako kawiri chifukwa inawakomera. Kunali siteshoni yomwe sitima inasiya kale kuima, koma mkulu wina wovala chipewa ankasesabe pokwerera m'mawa uliwonse. Azakhali anamuyamikira kuti amafika ndi m'makona momwe, mkuluyo n'kuwabwereka mpando. Kuseri kwa siteshoniko kunali mzere wa ogulitsa nsalu, ndipo anaugwira wonse, nsalu iliyonse kuitikita pakati pa zala n'kumuuza mwini wake ngati idzasuluke kapena ayi. Ena anakwiya, ena anawapatsa malo okhala. Kumapeto kwa mzerewo ndi komwe anaona sopo wamtanda wobiriwira, yemwe ankachapira kuchipatala asanabwere makina. Anamununkhiza, mtima n'kuchita myaa. Anagula mitanda iwiri ndi bulashi yolimba, ndipo ali m'basi ankadziwa kale choyambira.

Lachisanu sanapite kulikonse. Atangomaliza kukama anachivula chijekete chija n'kuchiviika m'madzi otentha. Madzi oyamba anatuluka akuda bii. Achiwiri chimodzimodzi. Anachikwecha ndi bulashi m'khwapa ndi m'kolala, n'kuchiwiritsa m'chidebe, n'kuchitsukuluza katatu. Abale inu, kodi si chinali chabuluu! Anasokerera thumba lomwe linang'ambika, n'kuchisita mpaka mikono inaima yokha. Atachipachika pamsomali anabwerera m'mbuyo n'kuchiyang'ana, akudzimva kuti pafamu pano pafikadi munthu.

Madzulo analowa m'khola akununkhira sopo. Dona inatembenuza mutu, n'kufwenkha kamodzi, makutu n'kuwagoneka. Azakhali atangogwira bere, inaponya theche, ndowa n'kukagwera kukhoma.

"Aa! Lero wadya chiyani iwe?"

Anayesanso. Anainyengerera ndi chakudya, anaisisita, anaikalipira, anaipepesa. Pamapeto pake Dona inaima nji, koma mkaka inaumana. Anafinya mpaka zala kuwawa, m'ndowa munangogwa timadontho tosakwana kapu. Loweruka m'mawa zinali zomwezo, koma tsopano bere linali litafufuma, lolimba gwa, lofunda ukaligwira, ndipo ng'ombeyo inkalira motsitsa ikupondaponda. Apa Azakhali mantha anawagwira. Mlongo wawo anawauza kuti asunge famu, ndipo famuyo inali ng'ombe imeneyi.

Anakwera basi yoyamba kupita ku katauni ka msewu umodzi kaja, komwe anaonako sitolo ya mankhwala a ziweto. Mwini sitoloyo anali bambo wamimba, wamagalasi omangirira ndi ulusi. Anamvetsera bwinobwino Azakhali akufotokoza, nkhope n'kuyamba kugwa.

"Mayi, ng'ombe yamkaka wambiri ngati imeneyo siyenera kugonanso ndi mkaka lero. Bere likadwala, mwina lidzachira, mwina ayi. Dokotala wa ziweto amabwera Lachiwiri, ndipo Lachiwiri n'kutali. Chasintha n'chiyani? Chakudya?"

"Chomwecho."

"Nthawi yokamira? Ndowa? Mwabwera galu wachilendo?"

"Palibe chasintha, bambo. Ine ndangokonzamo m'kholamo, n'kuchapa chijekete chokamira, poti chinali…"

"Mwachapa?"

"Ee. N'kusita."

Bamboyo anavula magalasi, n'kugwira kauntala, n'kuseka mpaka misozi. Atapezanso mpweya anati, "Pepani mayi, sindikuseka inu. Ng'ombe imeneyo ine ndimaidziwa, siyikamidwa ndi munthu wina koma mwini wake. Ng'ombe imadziwa munthu ndi mphuno. Masiku onsewa Dona imayesa kuti akuikama ndi mlongo wanu, ndiye inu mwam'tsukuluza katatu n'kum'taya m'ngalande!"

Manyazi omwe anawagwira Azakhali sanawamvepo chibadwire. Safunsa anadya phula, ndipo iwo analidya atalisita. Anafunsa ngati chovala china cha mlongo wawo chingathandize, koma asanamalize anakumbukira okha kuti Lachitatu anachapa dengu lonse la zovala zakuda, ndi nsalu zapabedi zomwe. M'nyumba monse munalibe kanthu konunkha mwini wake.

"Ndiye muimbireni abwere," anatero wasitoloyo. "Apo ayi, mukam'finye thukuta mubwere nalo m'botolo."

Iye ankanena zoseka. Azakhali anayang'ana wotchi yapakhoma, n'kufunsa kuti basi yakumzinda imadutsa nthawi yanji.

Mzindawo ankati adzauyendera sabata yachiwiri, pang'onopang'ono, sitolo ndi sitolo. M'malo mwake anauona pawindo la basi: misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, chinyumba chagalasi chomwe anthu awiri ankachitsuka atalendewera pazingwe. Ngakhale mtima unali m'mwamba, anaonabe kuti pakona imodzi asiya mizere. Mwana wa mlongo wawo ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikiza kanayi, ndipo Azakhali anafika pakhomo ali wefuwefu.

Anatsegula chitseko ndi mlongo wawo yemwe, khanda lili paphewa. Anali atametedwa bwino, atavala malaya oyera mbee, akununkhira paudala wa mwana. Azakhali anam'fwenkha, mtima n'kugwa.

"Achemwali! Kwagwanji? Dona?"

Anafotokoza zonse ataimirira, osabisa kanthu, ndi zosita zomwe. Mlamu wawo anatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Koma mlongoyo sanaseke. Anapereka khanda kwa mayi wake n'kuyamba kufunafuna nsapato.

"Ndikupita. Ndikakwera ya wani koloko ndikafika nthawi yabwino."

"Ukupita kuti? Khala pansi!" Mawu a uchemwali anatuluka okha. "Zaka zisanu ndi chimodzi usanapume, ndiye uthawe mdzukulu chifukwa cha sopo wanga? Ndalakwa ndine, ndikonza ndine. Alamu, malaya amene anavala pobwera ali kuti?"

"Ndinachapa tsiku lomwelo, alamu."

"Ha, nanunso kuchapachapa bwanji!"

Apa ndiye mlamuyo analephera kudzigwira, anakhala pansi n'kuseka chikhakhali mpaka khanda linadzidzimuka. Azakhali analibe nthawi. Anam'vulitsa mlongo wawo malaya oyera aja, n'kumutuma akasambe ndi madzi okha kuti paudala achoke. Atatuluka anamuveka sikipa yakale ya mkamwini wake, juzi pamwamba pake, n'kumulozera masitepe.

"Tsika mpaka pansi, ukwerenso. Usaime ndisanakuuze."

Masana amenewo anthu a m'nyumba ija anaona zachilendo. Bambo waimvi, atavala juzi dzuwa lili pamutu, ankatsika ndi kukwera masitepe, mayi wachikulire ataima pamwamba akuwerenga mokweza. Zitseko zinatseguka. Mayi wina anafunsa ngati ndi malangizo a dokotala, Azakhali n'kuyankha kuti ee, dokotala wa ng'ombe. Pa ulendo wachisanu ndi chitatu mlongoyo anafika akukwawa, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, mundipha."

Azakhali anapisa dzanja m'juzi, n'kugwira sikipa kumsana, n'kununkhiza zala. "Kamodzinso."

Sikipayo anaipinda ili chinyowere, n'kuikulunga m'mapulasitiki awiri kuti fungo lisathawe. Mdzukulu anangomupsompsona pamphumi, tiyi anamwera chiimire. M'basi yobwerera anakhala atafungatira kaphukusiko pamiyendo, ndipo kondakitala atafuna kukaika kumbuyo ndi katundu wina anamuyang'ana diso limodzi, iye n'kubweza dzanja.

Anafika pafamu dzuwa litapendeka. Kulira kwa Dona anakumvera kumsewu. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anasamba m'manja pampope popanda sopo, n'kumasula mapulasitiki, n'kuvala sikipa yozizira ija pamwamba pa diresi yawo yamaluwa. Khungu lonse linachita nyansi, koma anapirira. Analowa m'khola pang'onopang'ono n'kuima pafupi ndi mutu wa ng'ombeyo.

Dona inafwenkha. Inakankha mphuno yake yonyowa pachifuwa pawo, n'kupuma mwamphamvu, n'kufwenkhanso m'khwapa. Inatenga nthawi, ngati ikufuna kuwakhaulitsa. Kenako makutu anadzuka, n'kutembenukira kuchakudya.

Azakhali anakhala pakampando. Anatsuka bere ndi madzi ofunda, n'kulisisita modekha, mutu atatsamiritsa pamimba ya ng'ombe. Anafinya koyamba, palibe. Kachiwiri, kadontho. Kenaka anamva bere likufewa m'manja mwawo, mkaka n'kuwomba pansi pa ndowa kuti tsooo, woyera, wopanda magazi, wopanda mibulu.

Atawerama choncho, mphuno ili pafupi ndi kolala ya sikipa, fungo lija linawafika bwinobwino. Ankayembekezera kunyansidwa. Koma linali fungo lomwe ankalidziwa: la kamnyamata komwe ankakabereka kumsana pochokera kusukulu, katagona, mutu wake wotentha uli pakhosi pawo. Anali ataliiwala. Zaka zonsezi ankachotsa fungo la anthu m'nsalu, osaganizapo kuti mwina wina amalifuna. Misozi inatsika, ndipo poti manja onse anali pantchito, anangoisiya.

Ndowa itafika pakati anapukuta dzanja limodzi, n'kutulutsa foni, n'kumuimbira mlongo wawo. Anayankha isanalire kawiri.

"Achemwali? Zili bwanji?"

Azakhali anatsitsa foniyo pafupi ndi ndowa, n'kupitiriza kukama ndi dzanja linalo. Anamusiya amvetsere nthawi yaitali ndithu. Atabweza foni kukhutu, anamva munthu kumbali inayo akupuma ngati watula katundu wolemera.

"Ndamva," anatero mlongoyo. "Zikomo, achemwali."

"Zikomo wa chiyani? Pita ukanyamule mwana. Koma usasambe kwambiri, Lachitatu ndikubwera kudzatenga sikipa ina."