Kachigoba Kobooka Pamsonga

Nditabwerako kunja kumene ndinakalambira, ndinapeza mtengo wapakhomo atadula, ndipo achemwali anga akusandutsa chipinda cha malemu bambo kukhala chosokeramo zovala. Makina anali atalowa kale. Ine ndinabwera ndi mtima wodzakhala m'menemo, koma anandiyalira pabalaza ngati mlendo wongodutsa.

Bambo anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo m'madilowa a kabati yawo munadzaza zigoba za nkhono za m'nyanja yamchere. Achemwali anazikhuthulira patebulo n'kumazigawa pawiri: zamphumphu m'beseni kuti adzukulu aziseweretsa, zobooka m'katoni ya zinyalala.

M'katonimo ndinatola kachigoba kochepa ngati chikhadabo, konga chipewa chosongoka, kamizeremizere, kali ndi bowo pamsonga penipeni.

"Achemwali, aka mwatayiranji?"

"Si kobooka ako, achimwene? Kapena kunjako zobooka mumazipatsa digiri?"

"Bowoli n'lachilengedwe. Kankhono kake kamamatirira pamwala, kamakoka madzi kunsiku n'kuwatulutsira apa, pamodzi ndi zonyansa."

"Ndiye mwawoloka nyanja kudzapulumutsa chimbudzi."

Ndinaseka, koma sindinaleke. Ndinawauza kuti akatswiri akale anaika kankhonoka m'gulu limodzi ndi nkhono zina zonga zipewa, chifukwa cha maonekedwe basi. Atadzayang'ana m'kati anapeza kuti chibale chake n'chakutali. N'chifukwa chake bambo ankakasunga m'dilowa yakeyake.

Achemwali anasiya kusankha.

"Nanga inuyo ndikuikeni dilowa iti? Bambo akudwala, ine ndinkachapa zofunda, inu mukutumiza zithunzi za chipale chofewa. Mphunoyo ndi ya bambo, sindikana. Koma m'katimo?"

Mabuku onse amene ndawerenga anandithawa. Ndinasuzumira pakabowo: ndinaona bedi la bambo, ndi khoma loyera pamene panali chithunzi chawo. Kachigobako ndinakasiya patebulo, pakati pa beseni ndi katoni, n'kutuluka kukayenda mumsewu womwe sunkandidziwanso.

Pobwerako ndinapeza makina atawakankhira kuwindo, sutikesi yanga ili pabedi. Kiyi wa chipindacho anali pachitseko, ndipo kachigoba kaja kankalendewera pamenepo, ulusi wakuda utadutsa pabowo.

"Kugona muzigona, koma masana ndizisoka," anatero achemwali, maso ali pansalu. "Mukadandaula phokoso, pabalaza sipanasamuke. Ndipo katoniyo musankhe nokha. Ine zobooka sindikuzidziwanso."