Riliva wa Mayi a Mapasa

Mayi a mapasa ankagwira ntchito pakauntala yosungira zikwama m'sitolo yayikulu, ndipo tsiku lililonse ankabwera kunyumba ndi nkhani ya riliva. Riliva akafika msanga, mayiwo ankalowa m'nyumba akuimba. Akachedwa, ankaponya nsapato pakhomo, mapasa n'kuthawira kuchipinda.

Amuna awo, owotcherera zitsulo, anapirira kwa nthawi osafunsa. Mtima utakana kukhala m'malo, anapita kwa alamu awo, ogulitsa mankhwala mufamase, kukafunsa tanthauzo la mawuwo.

Alamuwo anati ndi Chingerezi, ndipo amatanthauza aliyense kapena chilichonse chokupumitsa ukavutika. Anatulutsa kampope kabuluu ka odwala mphumu, nati ameneyo ndi riliva. Mapiritsi a mutu nawonso ndi riliva.

"Nanga alipo wovala buluku?"

"Ena amavala," anatero alamuwo, akupukuta magalasi.

Mawa lake masana bambo a mapasa anatseka shedi yawo yowotcherera, navala malaya a ku ukwati, ulendo kusitolo. Anapeza mzere wafika pakhomo, akazi awo ali okha, akupondaponda pansi, thukuta lili kamukamu. Mayiwo sanawafunse chimene abwerera.

"Mwachita bwino, bambo a mapasa. Imani apa. Wopanda nambala musam'patse chikwama."

Atatero anathamangira kuchimbudzi.

Bambowo anaima. Analandira ambulera, chipewa cha njinga yamoto ndi beseni la mwana, manambala n'kuwasokoneza onse. Ali mkati mokangana ndi mwini beseni, panafika mayi wachikulire, wamfupi, bandeji ili pabondo. Anatsegula kachitseko ka kauntala ngati kwawo, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Anati iye ndiye riliva, amene amalandira mayi a mapasa masana kuti akadye, koma lero wachedwa kuchipatala ndi bondolo. Bambowo atadzitchula, mayiyo anagwedeza mutu. Anati mbiri yawo amaidziwa: si iwo aja analonjeza chaka chatha kuwotcherera kampando ka pakauntala?

Bambowo anati zitsulo zinavuta. Kenako anawerama, nayeza kutalika kwa kauntala ndi zikhatho.

Kampandoko kanafika sabata yotsatira, kopaka penti yobiriwira, kolimba koti n'kukhalapo anthu awiri. Bwana wa sitolo anakayang'ana, nanena kuti pantchito sakhala pansi. Amayi awiriwo amaikapo zikwama zolemera.