Chitofu cha Mayi Khatija

Anayambitsa zonsezi ndi Simon, wodziwadziwa wa ku tchalitchi kwa Dorica ku Highfields, mumzinda wa Leicester. Tchalitchi chilichonse chili naye munthu wotere, amene abusa asanamalize n'komwe kudalitsa anthu, iye watulutsa kale foni. Lamulungu lina anthu akumwa tiyi m'holo, Simon anayamba ulaliki wakewake wa msonkho wa nyumba.

"Anthuni, mukubedwa maso muli gwa!" anatero. "Nyumba iliyonse kuno anaiika pa bandi, kuyambira A mpaka H, ndipo msonkho wa khonsolo umatsatira bandiyo. Zonse zili poyera pa intaneti. Amake Tiffany, postikodi yanu ndi chiyani?"

Dorica anamuuza. Simon anadinadina, ndipo msewu wonse wa ku Spinney Hill kumene Dorica ankachita lendi unatuluka pafonipo, nyumba iliyonse ndi chilembo chake. Ya Dorica inali pa B. Yogundana nayo khoma, ya Suleman woyendetsa takisi, inali pa A.

"Mwaona? Njerwa zomwezo, denga lomwelo, koma inu ndiye mukulipira zambiri. Chitani apilo. Tchulani nyumba ya anebawo ngati umboni, basi."

Dorica anakwera basi mtima ukumuwawa. Sizinali ndalama kwenikweni, ngakhale ndalama za ntchito yake ya keya, yosamalira okalamba, zimabwera msana utathyoka. Chimene chinamupweteka n'kupusitsidwa. Mwamuna anamupusitsa kale n'kupita ndi mkazi wina ku Derby, mabwana a kuntchito ankamupusitsa pa mashifiti, ndiye nalo boma limudyere masuku pamutu? Ayi ndithu. Anafika kunyumba, n'kutsegula laputopu imene mwana wake Tiffany anasiya popita ku yunivesite, n'kulemba apiloyo ndi chala chimodzi, asanavule n'komwe nsapato za ku tchalitchi.

Tsono aneba amene anawatchula ngati umboniwo sanali aneba wamba. Kuseri kwa nyumba ya Suleman, kumapeto kwa kabwalo, kunali kanyumba komwe kale ankasungiramo malasha. Mmenemo munkakhala Mayi Khatija, amayi ake a Suleman, Mmwenye wobadwira ku Limbe. Anachoka ku Malawi ali mtsikana wongokwatiwa kumene, koma Chichewa chawo chinali chisanachite dzimbiri ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba atamva Dorica akukalipira bini ya zinyalala m'Chichewa, anasuzumira pampanda n'kuti, "Iwe, ndiwe wa kuti?" Kuyambira pamenepo Dorica akaweruka ankayamba wadutsa kwa Mayi Khatija asanalowe kwake. Tiffany, mwana wake yemwe, ankamuyankha m'Chingerezi. M'Leicester monse, malo amene Dorica ankatha kuseka mpaka kugwetsa misozi anali kanyumba kameneko.

Suleman anakakonza kanyumbako chifukwa amayi ake ndi mkazi wake Sultana analephera kukhala m'khitchini imodzi. Ankakangana pa mchere, pa anyezi, pa kapukutidwe ka mbale, mpaka mwamuna ankaopa kubwera kwawo. Ndiye anaika sinki, kachimbudzi, bedi, chitseko chotulukira ku kanjira ka kuseri, ndi chitofu cha gasi. Chitofucho ndiye chinali ufumu wonse wa Mayi Khatija. "Pano palibe amandiuza kuti mafuta achuluka," ankatero akugubuduza chapati. "Tsiku limene adzandichotsere ichi, andikumbiretu manda." Suleman sanakalembetse kanyumbako ku ofesi iliyonse, ndipo Dorica sizinamubwererepo m'mutu kuti pangakhale cholembetsa. Nanga malo amene mayi wa munthu amawiritsira tiyi, boma lili nawo chiyani?

Chipale chofewa cha Malichi chitangosungunuka, kunabwera woyesa nyumba wotumidwa ndi boma pa nkhani ya apilo ija, mzungu wowonda waulemu, atanyamula kamakina koyezera ndi tabuleti. Anayeza zipinda za Dorica, anasuzumira m'bafa, tiyi anakana. Atamaliza anati galimoto waisiya msewu wa kuseri.

Apa ndiye panalakwika. Munthu wa kuno akanangoti bayibayi n'kutseka chitseko. Koma Dorica analeredwa ku Ntcheu, kumene mlendo, kaya ndi wokhometsa msonkho, umamuperekeza mpaka panjira. Kumutsekera chitseko kumsana n'chipongwe. Anavala jekete n'kumuuza kuti amudutsitsa chidule, pa kanjira kotulutsira mabini.

Chitseko cha Mayi Khatija chinali chotsegula kuti utsi uzituluka, ndipo fungo la anyezi ndi adyo linadzaza kanjira konse. Mayiwo anatulukira atagwira chipande.

"Iwe Dorica, ukudutsitsa mlendo pakhomo panga ngati ndinafa? Lowani, lowani!"

"Amayi, bamboyu ali pantchito."

"Pantchito samadya? Taona kuwondako!"

Mzunguyo sanamve mawu ngakhale amodzi, koma dzanja lomukoka analimva. Analowa, anakhala pampando, anapatsidwa samusa wotentha. Akutafuna, maso ake anayamba kuyenda. Anaona chitofu, anaona sinki, anaona bedi, anaona chitseko cha kachimbudzi. Kenako anafunsa mofatsa m'Chingerezi ngati mayiwo amakhala mmenemo okha, ndiponso ngati amaphika momwemo.

"Zonse muno!" anayankha Mayi Khatija monyadira. "Kuphika muno, kugona muno, kusamba muno. Kwa mpongozi wanga sindipondako."

Abale, Dorica akanangokhala chete. Koma anaona ngati Mulungu wamupatsa mboni yamoyo, ndiye anathira ndemanga. "Mukuona bwana? Anzangawa khitchini ziwiri, zimbudzi ziwiri, zitseko ziwiri, koma ali pa A. Ine kanyumba kamodzi, B. Chilungamo chili pati?"

Woyesa nyumba anagwedeza mutu. Anapempha kuti ajambule chipindacho, ndipo Mayi Khatija anakonza mpango wawo n'kuima pafupi ndi chitofu kuti nawonso atuluke bwino. Anamukulungira masamusa ena a m'njira. Amayi awiriwo anamuperekeza limodzi mpaka pagalimoto, n'kubwerera akumuyamikira kuti ndi mwana wolereka.

Yankho linabwera masamba ataphuka m'mitengo ya ku paki. Kwa Dorica anati ayeza bwinobwino, nyumba yake ili pamalo pake, ikhalabe pa B. Kwa Suleman anati kanyumba ka kuseri, poti kali ndi pophikira, posambira ndi khomo lakelake, ndi nyumba payokha. Akapatsa bandi yake, ndipo kazilipiridwa msonkho wake. Dorica atatsegulanso intaneti anakaona ndi maso ake, mzere watsopano pansi pa nyumba ya Suleman. 

Suleman anagogoda madzulo omwewo, makiyi a takisi ali m'manja. Anabadwira ku Leicester, Chichewa chake chinali chothyokathyoka, koma tsiku limenelo anasankha chomwecho kuti chimubaye bwino Dorica.

"Anti, ife tinalakwa chiyani kwa inu?"

"Mwanangu, sindinadziwe."

"Simunadziwe, koma nambala ya nyumba yanga munalemba. Munthu munabweretsa inu."

Zotsalazo anazinena m'Chingerezi, mosakweza mawu. Takisi sikubweretsanso ngati kale, ana atatu ali pasukulu, misonkho iwiri sangaikwanitse. Ndiponso akuopa kuti ena angabwere kudzafunsa za chilolezo chomangira. Wafufuza, ndipo njira imene waipeza ndi imodzi: kanyumbako kasiye kukhala nyumba. Achotse chitofu, achotse sinki, kabwerere kukhala chipinda chogona chabe.

"Nanga amayi anu aziphikira kuti?"

"Sultana aziphika," anatero Suleman, n'kutembenuka.

Loweruka m'mawa kunabwera munthu wa gasi. Dorica anaonerera pawindo la m'mwamba, atabisala kuseri kwa katani ngati mbava. Anaona Suleman ndi munthuyo akutulutsa chitofu chopendekeka, chitseko cha uvuni chikutseguka chokha. Anachiika m'kanjira pambali pa mabini, ndipo dzuwa lisanafike pamutu otola zitsulo anali atachikweza pa lole. Mayi Khatija sanatuluke.

Ku tchalitchi Dorica anamukokera Simon pambali n'kumufotokozera. Simon anapukusa mutu ngati dokotala. "Aaa, zimachitika zimenezo. Apilo imatha kukweza ya aneba. Mukanandifunsa kaye, amake Tiffany." Dorica anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akanakhala panja pa nyumba ya Mulungu, kapu ya tiyi ija ikanathera pamalaya ake.

Kwa masiku angapo ankalowa kwake kudzera khomo la kumaso, mutu uli pansi. Manyazi anamudya. Koma khoma la nyumba zimenezi n'lopyapyala, ndipo ankamva mapoto a Sultana, mawu a Sultana, kenako zii. Kukangana kukanakhala bwino, chifukwa wokangana ndiye kuti akadali ndi mphamvu. Tsiku lina poweruka miyendo inamukana, inakhotera yokha ku kanjira ka kuseri.

Chitseko chinali chotseka. Anaodira kawiri.

"Lowa, sichokhoma."

Mayi Khatija anali atakhala pabedi, manja ali pamiyendo. Pamene panali chitofu panatsala khoma loyera kuposa kwina konse, ndi kapaipi kotsekedwa kumapeto. Pa tebulo panali mbale ya mpunga yochokera kwa Sultana, yovundikira, yosakhudzidwa. M'chipindamo munkanunkhira sopo basi.

Dorica anagwada pakapeti monga anaphunzitsidwira kwawo. "Amayi, ndalakwa. Ndine ndinalemba nyumba yanu. Ndine ndinabwera naye munthu uja."

"Dzuka, maondo ako ndi ogwirira ntchito. Unabwera naye iwe, ndinamulowetsa ine, samusa ndinamupatsa ine. Tonse ndife zitsiru." Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike patali. "Tiyi sindikupatsa. Ngati ukumufuna, ndipite ndikapemphe kwa Sultana. Zaka zonsezi ndadyetsa anthu, ku Limbe, kuno, maliro ndi maukwati omwe. Lero ndikafuna madzi otentha ndimayamba ndagogoda."

"Muzibwera kudzaphikira kwanga, amayi. Makiyi ndikupatsani."

"Kwako ndi kwako, Dorica. Ndikapemphe kwa mpongozi, ndikapemphenso kwa neba?"

 Misozi ya Dorica inatsika, ndipo Mayi Khatija, amene kale akanamukalipira n'kumupukuta ndi mpango, anangomuyang'ana.

"Tandiuza," anatero mayiwo. "Msonkho wakowo anatsitsa?"

"Sanatsitse, amayi. Ndikadali pa B pomwepo."

Mayi Khatija anatembenukira kukhoma loyera lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Bola akanatsitsa," anatero. "Ndikanadziwa kuti chitofu changa chinagulako kanthu."