Nyama ya Malipiro Oyamba a Bambo Pyo

Tangoganizirani, kodi nyama imene banja la a Pyo linadya Loweruka lomaliza la mwezi wa Okutobala, pa lesitilanti ya mayi Bang kuseri kwa msika wa ku Cheongju, analipira ndani? Aliyense amene anakhala patebulopo angakuyankheni mosazengereza, nanena kuti anamva ndi makutu ake. Koma yambani mwamva mmene zinayendera.

A Pyo Man-sik anali ndi shopu yosindikiza makalendala ndi makadi a ukwati. Shopuyo itagwa, anakhala pakhomo zaka zingapo, ndipo ana awo awiri, Jae-gon ndi mlongo wake Gyeong-suk, ndiwo ankawalipirira zonse, kuyambira magetsi mpaka mankhwala a mawondo. Banja likapita kokadya, mkuluyu ankavala msangamsanga nsapato zimene anavula polowa n'kukaima panja kumayang'ana magalimoto odutsa, pamene ana ake akukankhana pa kauntala kulimbirana kulipira.

Chaka chimenecho anapeza ntchito ya ulonda pa nyumba zosanjikizana za kumpoto kwa mzinda. Ankatsegula geti, kulandirira anthu katundu wobwera pa njinga zamoto ndi kuphwasula makatoni. Atalandira malipiro oyamba anaimbira foni mwana aliyense payekha, kumuuza kuti Loweruka asadye kwina. Kwathu kuno wolandira malipiro oyamba amadyetsa abale ake, ndipo tsiku limenelo chikwama cha wina aliyense chimagona m'thumba.

Jae-gon ankazidziwa bwino zimenezi. Vuto lake linali khadi. Kampani yopanga foni yake inali itatulutsa khadi lake logulira zinthu pa ngongole, loyera, lachitsulo, lolira bwino ukaliponya patebulo. Ukagula nalo kanthu umalandira mapointi, ndipo mwezi umenewo kampaniyo inalonjeza kuti wogula zinthu zofika mlingo wakutiwakuti mwezi usanathe adzagula wotchi yatsopano ya pamkono pa theka la mtengo. Mu foni munali kabwalo kobiriwira kamene kankadzaza pang'onopang'ono akamagula zinthu ndi khadilo. Jae-gon ankakayang'ana akadzuka, ali m'basi, ngakhale akutsuka mano. Mkazi wake Hye-rim ankamuseka kuti amawotcha petulo kudutsa mzinda wonse kukafuna petulo wa mapointi ambiri, ndiponso kuti m'nyumba mwawo munadzaza sopo wokwanira kuchapira gulu la asilikali. Iye ankayankha kuti ndalamazo akanaziwononga ndithu, ndiye kuli bwino zibwezeko kanthu.

Loweruka lija a Pyo anafika poyamba, atavala jekete imene ankavala pa maukwati. Anakhala kumutu kwa tebulo naitana mwini malo mokweza, kuti ndi matebulo ena omwe amve.

"Mayi Bang, lero nkhumba ayi. Tibweretsereni ng'ombe, nthiti zenizeni."

Mwamuna wa Gyeong-suk, dzina lake Byeong-cheol, anaomba m'manja nati wabwera dala ndi nsapato zopanda zingwe, poti lero sakufunika kuchedwa pakhomo kumanga zingwe mpaka wina alipire. Mkazi wake anati zingwe kapena ayi, chikwama chake chinachita dzimbiri kalekale. A Pyo anaseka mpaka kutsokomola. Ankatembenuza okha nyama pa makala, kuidula ndi sizasi n'kumaika m'mbale za adzukulu awo. Jae-gon atawathirira mowa wa soju ndi manja awiri, iwo anamulanda botolo namuthirira iyenso, akufotokoza za mayi wina wa pa nsanjika yachisanu amene amayenda ndi galu wake mu ngolo ya mwana.

Mbale yachitatu ya nyama ikubwera, Jae-gon anasuzumira foni pansi pa tebulo. Kabwalo kaja kanatsala kampata kochepa, ndipo mwezi unali kutha tsiku lomwelo. Anayang'ana mbale za nyama ndi mabotolo, naona kuti chakudya chimenechi chikhoza kutseka kampatako. Anadziuza kuti malipiro a mlonda ndi ochepa, kuti bambo ake angachite bwino kugulira ndalamazo nsapato za m'nyengo yozizira, kuti mwana wabwino sangalole nkhalamba kulipira ng'ombe. Maganizo amenewa anabwera mofulumira kwambiri moti iye mwini anawakayikira, komabe ananyamuka nanena kuti akupita kuchimbudzi.

Pa kauntala mayi Bang anabisa manja kumbuyo. Anati bambo ake anabwera okha mkati mwa sabata kudzasungitsa tebulo, ndipo anachenjeza kuti asalandire khobiri la munthu wina aliyense.

"Takambirana kale," anatero Jae-gon. "Avomera."

Mayiwo anamuyang'ana kanthawi, kenako analandira khadilo. Asanafike n'komwe patebulo, foni inanjenjemera m'thumba mwake. Kabwalo kanali katadzaza, ndipo timaluwa tinkagwa pa galasi la foni kumuyamikira.

Atatha kudya, a Pyo anaimirira, namanga mabatani a jekete, nayenda pang'onopang'ono kupita ku kauntala banja lonse likuwatsatira. Anatulutsa envelopu yoyera ya ku banki, naipereka ndi manja awiri. Mayi Bang sanailandire. Ananena motsitsa mawu kuti mwana wawo walipira kale, ndipo anati mwagwirizana.

Envelopu inakhala m'malere. A Pyo sanatembenuke kuyang'ana mwana wawo.

"Zoona," anatero. "Ndinaiwala. Ukalambatu uwu."

Gyeong-suk anamenya mchimwene wake paphewa, nati achimwene mwatichititsa manyazi enafe. Byeong-cheol anauza ana ake kuti aonere malume awo mmene mwana amalemekezera kholo. A Pyo anabweza envelopu m'thumba la mkati, navala nsapato, nakaima panja kumayang'ana magalimoto.

M'galimoto pobwerera, Hye-rim anadikira mpaka mwana wawo Su-a atagona kumbuyo.

"Kabwalo kanu kadzaza, bambo a Su-a?"

Jae-gon anayamba kufotokoza za nsapato za m'nyengo yozizira ndi kuchepa kwa malipiro a ulonda. Mkazi wake anamulola kumaliza.

"Ine ndinakuonani mukuchokera kuchimbudzi kwanuko," anatero. "Munkamwetulira foni."

Lamulungu lonse uthenga wa kampani unkabwerabwera, kumufunsa mtundu wa lamba wa wotchi umene akufuna, wakuda kapena wabuluu. Sanasankhe. Ankatsegula chithunzi cha wotchiyo n'kuchitseka, ndipo chimene ankaona m'maso mwake ndi envelopu ili m'malere. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti bambo ake anamubisira bodza lake pamaso pa anthu, osaphethira n'komwe.

Lolemba ataweruka anapita ku ntchito kwa bambo ake atanyamula bokosi la zakumwa zopatsa mphamvu. Anawapeza kuseri kwa kanyumba ka alonda akuponda makatoni, atavala yunifolomu yabuluu yotalika manja. Mawu opepesa anali atawakonza m'basi, koma mkuluyu sanamupatse mpata. Anamufunsa za sukulu ya Su-a, za chifuwa cha apongozi ake, za mtengo wa kabichi chaka chino. Kenako anapukuta manja pa thalauza.

"Mayi Bang akuti khadi lako lija ndi lachitsulo. Tandionetsa."

Analitembenuza uku ndi uku, naligogoda ndi chikhadabo, nafunsa kuti limabweza chiyani. Jae-gon anati mapointi, ndipo nthawi zina mphoto. Anafunsa kuti mphoto yanji. Iye anati wotchi. A Pyo anayang'ana wotchi imene inali kale pa mkono wa mwana wawo. Anangopempha lisiti ya tsiku lija, ati akufuna aone mmene ng'ombe yakwerera masiku ano. Jae-gon anaitulutsa m'chikwama nawapatsa.

"Bambo, za Loweruka zija..."

Galimoto inaliza hutala pa geti. A Pyo anavala chipewa chawo.

"Pita iwe, ukunditsekereza ntchito."

Lachiwiri masana, ali pa msonkhano wa ku ofesi, foni inanjenjemera. Uthenga unati malipiro a pa lesitilanti ya mayi Bang afafanizidwa ndipo ndalama zabwezedwa ku khadi. Kabwalo kobiriwira kanatsegukanso kampata kake, ndipo pansi pake panalembedwa kuti mwayi wa wotchi watha pamodzi ndi mwezi wathawo. Jae-gon anatuluka pamsonkhanopo nakaimba foni ali pamasitepe.

Mayi Bang anayankha mbale zikugundana kumbuyo kwawo. Anati bambo ake abwera pa nthawi yawo yopuma, ali mu yunifolomu, lisiti kudzanja lina envelopu kudzanja lina. Anaima pamzere ndi anthu a chakudya cha masana mpaka nthawi yawo itakwana, napempha kuti za pa khadi zifafanizidwe. Atawapatsa msuzi kuti amweko anakana, ati geti alisiyira mnzawo. Mkuluyo anatinso nkhaniyi isafike kwa Gyeong-suk kapena mwamuna wake, chifukwa anamutama kale Jae-gon pamaso pa ana, ndipo sikoyenera kumuvula ulemu umenewo.

"Ndiye mlongo wanu akamakutamani, muzingovomera," anatero mayi Bang. "Koma pa kauntala panga musadzandinamizenso."

Jae-gon anakhala pa sitepe yozizira, khadi lili m'manja. Anaimbira bambo ake, koma foni inangoitana. Mphindi zochepa pambuyo pake kunabwera uthenga wa Gyeong-suk, wonena kuti ana ake akadakambabe za nyama ya amalume, ndipo mwezi wamawa iye ndiye adzalipira. Anauwerenga kawiri, nalemba mawu amodzi ovomera monga anauzidwira.

Nyama ija analipira ndi a Pyo Man-sik, mlonda wa pa geti, ndi ndalama za malipiro awo oyamba.