Kabotolo ka Asiatu

"Bwerezaninso, adokotala. Mwati mukufuna chiyani?" anafunsa Asiatu.

"Chimbudzi chanu, mayi. Pang'ono pokha, m'kabotolo aka, mukabweretse m'mawa dzuwa lisanakwere," anayankha Dokotala Ndaona.

Shakila, yemwe anakhala pambali atagwira ndodo, anaseka mpaka kutsokomola. Iye ndi Asiatu anali mapasa, ndipo kale anthu a ku Mangochi ankawasokoneza. Tsopano panalibe wowasokoneza. Kwa zaka ziwiri miyendo ya Shakila inkachita dzanzi, diso limodzi linkachita chifunga, moti anasiya ntchito yake ya utelala. Ku Blantyre anamuuza kuti ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis.

"Wodwala ndi uyu," anatero Asiatu. "Ine ndalakwanji?"

"Mitsempha ili ngati waya wamagetsi, ili ndi chokutira chake," anafotokoza dokotalayo. "Asilikali oteteza thupi la Shakila akukukuta chokutiracho. Akuwatuma ndani? Ofufuza akukayikira tizilombo tina tokhala m'matumbo. Inu munabadwa tsiku limodzi, magazi amodzi, koma wina akudwala, wina ayi. Tikufuna tione ngati tizilombo tanu tikusiyana."

"Mukationa achira?"

"Ndisakunamizeni, ayi. Mwina zidzathandiza ena kutsogoloku."

Asiatu anakulunga kabotoloko pansonga ya chitenje n'kubwerera kwawo ku Chiponde, kumene ankagulitsa nsalu za ku Mozambique.

Mwamuna wake, Bakali, wa kabaza wa njinga yamoto, atamva nkhaniyo anaika kapu ya tiyi pansi.

"Wallahi, sizitheka! Tsitsi lenileni timalikwirira tikameta, ndiye inu mukapereke zimenezo m'manja mwa munthu wosamudziwa? Kwathu ku Namwera amati amene anagwira achemwali anu ndi telala mnzawo. Mukufuna akugwireni nanunso?"

"Telala wanji wolodza munthu amene anasiya kale makina?"

"Nanga akakapeza kuti matendawo muli nawo inunso? Mwana wathu Tatu adzamulera ndani?"

Funso limeneli ndi limene linkamudya Asiatu nayenso. Chidwalire Shakila, mwendo ukangochita dzanzi pamkeka, ankadzitsina mobisa kuti aone ngati akumvabe. Kabotoloko kanakhala masiku anayi kuseri kwa mabelo a nsalu.

M'mawa wa tsiku lachisanu anatuluka m'nyumba atavala hijabu yake yapaulendo, m'manja muli jumbo yakuda yomanga mfundo ziwiri. Bakali anali kupukuta njinga.

"Bambo a Tatu, ndikupita kuboma."

"Amake mwana, ndinanena kale."

"Munanena, ndinamva. Mantha ndili nawo kuposa inu. Koma Shakila anamubaya singano pamsana, anamulowetsa m'chimakina chophokosera, sanalire. Ine angondipempha zimene ndimataya tsiku ndi tsiku, ndikanize? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tatu ndi magazi omwewa. Ngati yankho lili m'mimba mwangamu, alitenge."

Sanadikire kuti amuyankhe. Anauyamba wapansi kulowera kusiteji, msana uli chilili, jumbo ija ataigwira poyera ngati yanyamula shuga. Amayi ogulitsa mandasi pafupi ndi geti la pabodala anamufunsa chimene wanyamula.

"Mphatso ya adokotala," anayankha osaima.

Minibasi inali isanadzaze, munali anthu atatu okha. Ali chiimire, anamva njinga ikuima kumbuyo kwake.

"Mesa munati zikafike dzuwa lisanakwere?" anatero Bakali, maso ali kwina. "Iyi inyamuka masana. Kwerani."

Asiatu anakwera, n'kuika jumboyo pamiyendo.

"Koma chonde," anatero mwamunayo akuliza injini, "isandikhudze kumsana."

Anatsika phiri la Chowe. Atafika pachipatala, Bakali sanatsale panja ndi akabaza anzake. Anavula chisoti, n'kutsatira mkazi wake mpaka pakhomo la dokotala.