Nyumba ya Azakhali Ilembedwa Ngati Boti

Chitukuko chinafika kwathu Lachiwiri m'mawa chitavala nsapato zosongoka. Anali mkulu woyeza malo, atakwapatira mapu, chitini cha penti wofiira chili m'manja. Anati msewu watsopano udutsa m'mbali mwa nyanja, ndipo aliyense amene nyumba yake igwetsedwe apatsidwa puloti kumtunda.

Nyumba ya azakhali anga, owamba nsomba, anaipaka mtanda wofiira ngati zinazo. Koma pamndandanda wa mapuloti dzina lawo panalibe.

Azakhali anamulowetsa m'nyumba, kumukhazika pampando wa alendo, kumuthirira tiyi. Ine ndinasiya injini ya boti imene ndinkakonza pakhonde n'kukaima pakhomo.

"Mayi, vuto ndi loti nyumba yanu ili m'madzi," anatero mkuluyo akutambasula mapu patebulo. "Pamene takhala panopa kuya kwake ndi mamita awiri."

"Ndiye kwezani miyendo, bambo, nsapato zinganyowe," anatero azakhali.

Mapuwo anajambulidwa chaka cha madzi ambiri, ine ndisanabadwe. Kenako nyanja inabwerera m'mbuyo, kusiya mchenga, anthu n'kumangapo. Kungoti pochoka sinakatsanzike ku ofesi.

"Puloti timapatsa amene wataya malo," anatero mkuluyo. "Inu mukutaya madzi."

"Nanga pentiyu mwapaka pamadzi?"

"Penti ndimapaka chimene ndachiona. Mndandanda ndimalemba chimene chili pamapu. Ndi ntchito ziwiri zosiyana." Anawonjezera shuga.

Ndinafunsa ine: "Bwana, chimakina chanu chogwetsera nyumba chija chili ndi chilolezo chogwira ntchito m'madzi?"

Anaganiza nthawi yaitali. Anati ayi, za m'madzi ndi za ofesi ina, khomo lachitatu kumanzere. Iwo sangakhudzeko.

M'mawa mwake tinapita ndi azakhali ku khomo lachitatulo. Kalaliki wa kumeneko anayang'ana mapu omwewo n'kuvomera kuti tilidi m'madzi. Koma fomu ya nyumba analibe, anali ndi ya maboti okhaokha. Anatenga cholembera.

"Okweramo angati, mayi?"

"Anayi, ndi mphaka."

"Injini?"

"Ili pakhonde, akukonza mwana wa achimweneyu."

"Limapita kuti?"

"Silinapiteko kulikonse, mwanangu. Ndi boti lakhalidwe."

Anadinda. Anangotichenjeza kuti tigule majekete anayi oyandamira.

Msewu unabwera. Ukafika pa azakhali umakhota ngati waona apongozi, n'kubwereranso pamzere wake. Anzawo onse ali kumtunda tsopano, ulendo wa ola lathunthu kuchokera pamene asodzi amakocheza. Azakhali akuwamba pomwepo, ndipo madalaivala poti pakona amachepetsa liwiro, amangoima n'kugula.

Nambala ya botilo ndinailemba ndine pakhoma, pafupi ndi zenera. Chaka chilichonse woyendera maboti amabwera kudzaona ngati silikulowa madzi. Limalowa ndithu, kudenga, koma iye amayang'ana pansi.